Funsani a Vetenale: Galu ali pa mankhwala a Cushing, mlingo wakwana kapena wapyola?

Mwezi uno tasankha makalata a eni agalu amene anawapeza kale ndi matenda a Cushing ndipo ayamba kumwa mankhwala. Kwa amene sanawamvepo matendawa: pafupi ndi impso iliyonse pali kachiwalo kangati nyemba kotchedwa adrenal, kamene kamatulutsa homoni ya cortisol. Cortisol akachuluka kwa miyezi yambiri, galu amamwa madzi osakhuta, amakodza pafupipafupi, amadya ngati sanadyepo, mimba imalendewera, ubweya umathothoka m'nthiti mbali zonse ziwiri, ndipo amapuma mwawefuwefu ngakhale ali pamthunzi. Pa agalu 100 odwala, 80 mpaka 85 gwero lake ndi kachotupa ka pa pituitary, kunsi kwa ubongo, kamene kamatumiza homoni ya ACTH yochuluka n'kumakakamiza ma adrenal. Otsalawo chotupa chimakhala pa adrenal penipeni.

Adokotala, galu wanga wa zaka 9, wolemera makilogalamu 12, wayamba Vetoryl wa 20 mg kamodzi patsiku. Andiuza kuti ndibwerenso pakatha masiku 10, kenako mwezi, kenako miyezi itatu, ndipo ulendo uliwonse ndi kuyeza magazi. Mankhwalawo ndi odula kale. Kodi kuyeza konseku n'kofunikadi? — Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, pa ndalama zonse za matendawa, za kuyezazi ndi zimene sitingakulangizeni kudumpha. Vetoryl ndi dzina la malonda la trilostane, wopangidwa ndi kampani ya Dechra ya ku Britain. Sachotsa chotupa, sachizanso. Amangotsekereza enzyme imodzi ya mu adrenal, 3-beta-HSD, imene imafunika popanga cortisol, ndipo kutsekerezako n'kwa maola chabe. Cortisol amatsika kwambiri pa maola angapo oyambirira galu atameza kapisozi, kenako amayamba kukweranso.

Chovuta n'chakuti agalu awiri olemera mofanana salandira mankhwalawa mofanana. Wina 20 mg imamukwanira zaka, wina amafuna kuwirikiza kawiri, pomwe wina 20 mg yomweyo imamugwetsa. Sikelo imangotiuza poyambira, pafupifupi 2 mg pa kilogalamu patsiku. Kwa galu wanu zikanakhala 24 mg, ndipo poti kapisozi wa 24 kulibe, adokotala anu achita bwino kutsikira pa 20 m'malo mokwera pa 30. Agalu akuluakulu, opitirira makilogalamu 25 kapena 30, kawirikawiri amafuna zochepa pa kilogalamu kusiyana ndi tiagalu tating'ono.

Ulendo uliwonse uli ndi funso lakelake. Wa pa masiku 10 mpaka 14 ukufunsa chinthu chimodzi: kodi sitinamupyoletse? Apa amayeza cortisol pamodzi ndi michere iwiri ya m'magazi, sodium ndi potassium. Wa pa masabata 4 ndi umene timaweruzira koyamba ngati mlingo wachepa. Wa pa masabata 12 ukutsimikizira kuti zakhazikika. Kuchoka apo ndi miyezi itatu iliyonse, komanso masiku 10 mpaka 14 nthawi iliyonse imene mlingo wasinthidwa. Musapusitsidwe kuti galu wakhala bwino chaka chonse pa mlingo umodzi. Ma adrenal amasintha, ndipo taonapo kuti agalu ambiri amene amapyola mlingo si atsopano okhaokha, ena ndi aja eni ake analeka kuwayezetsa.

Pali kuyeza kwina kosalipira, ndipo ife timakukhulupirira kuposa pepala la ku labu. Tengani botolo la Sobo la malita awiri, mulidzaze m'mawa, ndipo madzi onse a galu tsiku limenelo achokere m'botolo lomwelo. M'mawa mwake bwezerani otsala m'mbale mu botolomo, muone amene apita. Chitani masiku atatu otsatizana pa sabata ndipo muzilemba m'kope. Galu wabwinobwino amamwa mamililita 40 mpaka 60 pa kilogalamu patsiku, kutanthauza kuti wanu asamapitirire kwambiri mamililita 720. Akadutsa 100 pa kilogalamu, ndiye lita imodzi ndi mamililita 200, matenda akadali ndi mphamvu. Tsekani pampopi podontha ndi beseni lochapira, mumulekanitse ndi agalu anzake, ndipo kumbukirani kuti mu Okutobala ndi Novembala galu aliyense amamwa kwambiri. M'kope momwemo lembani m'mene akudyera, kangati wadzuka usiku kukakodza, ndi chimbudzi chake. Kope limeneli lizipita nanu kwa a vetenale.

Tsiku loyeza magazi ndinamumana chakudya ndi mankhwala, monga timachitira anthu pokayezetsa shuga. Atandifunsa, anandibweza kuti ndibwere tsiku lina. Ndinalakwa pati? — Bambo wa ku Blantyre

Bambo, anakubwezani bwino, chifukwa zotsatira zake zikanakusocheretsani. Kuyeza kumene kumagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi kwa ACTH. Amatenga magazi koyamba, kenako amabaya mumtsempha ACTH wopanga, wotchedwa tetracosactide kapena cosyntropin, amene ambiri amamudziwa kuti Synacthen, mamaikulogalamu 5 pa kilogalamu. Pakatha ola limodzi ndendende amatenganso magazi. Magazi achiwiriwo amaonetsa mphamvu imene ma adrenal atsala nayo pamene mankhwala agwira kwambiri. Ndiye kapisozi akapanda kumwedwa, mukuyeza matenda, osati mankhwala.

Chakudyanso n'chofunika. Trilostane amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya. Galu akameza ndi njala, ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi, cortisol amaoneka wokwera, dokotala n'kuwonjezera mlingo, ndipo kunyumba kumene galu amamwera pa chakudya mlingo watsopanowo umamupyola. Choncho tsiku loyeza likhale ngati masiku onse: chakudya chomwecho, kapisozi nthawi yomweyo, ndipo mulembe ola. Malangizo a opanga mankhwalawa amati kuyeza kuyambe pakati pa maola 4 ndi 6 kapisozi atamezedwa. Akatswiri ena amakonda maola 2 mpaka 4. Chachikulu n'chakuti musamasinthesinthe. Ngati ulendo woyamba munayeza pa maola 4, ulendo uliwonse akhale maola 4, chifukwa galu yemweyo pa mlingo womwewo amapereka nambala yotsika pa maola 2 ndi yokwererapo pa maola 6. Mukamwetsa 7 koloko m'mawa, pemphani nthawi ya 11 koloko.

Muwauzenso a vetenale za mankhwala ena alionse a steroid, amene amagwira ntchito ngati cortisol, ngakhale odontheza m'khutu kapena opaka pakhungu, chifukwa amagonetsa ma adrenal n'kutsitsa nambala. Prednisolone, amene nayenso ndi steroid, ali ndi vuto lina: makina ambiri a ku labu amamuwerenga ngati cortisol, n'kutulutsa nambala yokwera yabodza.

Pepala la galu wanga lalembedwa 3.1. Pa intaneti ndawerenga kuti zikatsika pansi pa 40 ndi zoopsa. Ndasiya kumupatsa mankhwala. — Wowerenga wa ku Johannesburg

Achimwene, yang'anani zilembo zimene zalembedwa pambali pa nambalayo. Ma labu ena, makamaka a ku America, amalemba mu µg/dL, pomwe a ku Britain, ku Ulaya ndi ambiri a kumwera kuno amalemba mu nmol/L. Kuchoka pa woyambawo kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 27.6. Ngati yanu ndi 3.1 µg/dL, ndiye pafupifupi 86 nmol/L, pamene ndi pabwino zedi. Koma ngati palembedwadi 3.1 nmol/L, mwachita bwino kusiya, ndipo galuyo aonedwe lero.

Malire a magazi a pambuyo pa jakisoni wa ACTH ali motere. Pansi pa 40 nmol/L, kapena 1.45 µg/dL, mankhwala amaimitsidwa ngakhale galu akuoneka bwino, n'kudzayambanso pa mlingo wotsika. Malangizo a ku Ulaya amaika malirewa pa 50. Kuyambira 40 mpaka 150 mlingo usasinthe. Pakati pa 150 ndi 250 woweruza ndi galu: ngati ludzu latha ndipo akugona usiku wonse, musakhudze kalikonse, koma ngati akumwabe madzi ngati kale, mlingo ukhoza kukwera. Pamwamba pa 250, kapena 9.1 µg/dL, ndi zizindikiro zikadalipo, mlingo wachepa. Ife galu wosangalala wa nambala 220 sitimuwonjezera mankhwala pofuna kukongoletsa pepala.

Muziyezetsa ku labu imodzi. Makina osiyana amatulutsa manambala osiyana pa magazi omwewo, ndipo kusiyanako kumakula pafupi ndi malire apansi, pomwe pali pangozi.

Papita masiku 12, cortisol ali 310 ndipo galu akumwabe madzi ambiri, ngakhale achepako. Bwanji adokotala akukana kuwonjezera? — Mayi wa ku Lusaka

Mayi, chifukwa pa mlingo womwewo cortisol amapitiriza kutsika mwezi wonse woyamba. Nambala ya 310 ya lero ikhoza kukhala 180 pa tsiku la 30 popanda kusintha kanthu. Mukawonjezera tsopano, mlingo watsopano udzakumana ndi kutsika kumene kunali kale m'njira. Cushing wosagwidwa bwino amawononga thupi pang'onopang'ono, pa miyezi. Mankhwala opyola akhoza kupha galu pa masiku awiri. Dikirani masabata 4, ndipo pamenepo kukwezako kukhale kwa pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wakale, malinga ndi makapisozi amene alipo.

Galu wanga wamwa trilostane miyezi 7 popanda vuto. Dzulo wasiya nsima yake ya usipa, usiku wasanza kawiri, lero wangogona. Kapisozi wa m'mawa ndamukankhira kukhosi kuti asadumphe tsiku. Chipatala cha ziweto chili kutali. Ndidikire? — Bambo wa ku Mzuzu

Musadikire, Bambo, ndipo musamupatsenso kapisozi wina. Lamulo limene mwini galu aliyense ayenera kulisunga pamtima ndi ili: galu wa Cushing akakana chakudya, akasanza, akatsegula m'mimba, akamanjenjemera kapena akafooka, mankhwala aime nthawi yomweyo musanaimbe n'komwe foni. Kudumpha masiku awiri kapena atatu sikupha galu. Ndipo galu wa matendawa, amene amanyambita mbale mpaka kuigubuduza, akasiya usipa ndiye kuti pavuta ndithu.

Pali zinthu zingapo zimene zingakhale zikuchitika, ndipo maso okha sangazisiyanitse. Chopepuka ndi chakuti cortisol yekha watsika kwambiri. Galu amafooka, safuna kudya, koma michere ya m'magazi ili bwino, ndipo mankhwala akaima amadzuka pa tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina mothandizidwa ndi prednisolone wochepa kwa masiku angapo. Choopsa ndi pamene aldosterone nayenso watsika. Imeneyi ndi homoni ina ya adrenal, imene imasunga sodium ndi madzi m'thupi n'kumataya potassium mumkodzo. Ikasowa, sodium amatsika, madzi amatha m'thupi, magazi sathamanga, potassium amakwera n'kuyamba kuchedwetsa mtima. Ndi zimene zimachitika pa matenda a Addison, pamene ma adrenal amalephera kutulutsa mahomoni okwanira. Madokotala amagawa nambala ya sodium ndi ya potassium, ndipo yankho likakhala pansi pa 27 amachenjera. Galu wotere amafuna dripi ya madzi amchere a 0.9 peresenti ndi jakisoni wa steroid msangamsanga. Amakonda dexamethasone, chifukwa makina samuwerenga ngati cortisol, choncho kuyeza kwa ACTH kukhoza kuchitikabe. Mwa agalu ochepa, mnofu wa adrenal umafa, ndipo amakhala miyezi, ena moyo wonse, osafunanso trilostane koma akumwa mahomoni obwezeretsa, monga fludrocortisone kapena jakisoni wa DOCP pamodzi ndi prednisolone.

Kwathu kuno palinso chachitatu chimene mabuku a ku Ulaya sachiika patsogolo: matenda a nkhupakupa. Babesia ndi Ehrlichia amayambanso chimodzimodzi, kukana kudya ndi kufooka, ndipo galu wa Cushing chitetezo chake n'chochepa kale. Kwezani mlomo muone nkhama. Zikayera ngati pepala kapena zikachita chikasu, thupi likatentha, mkodzo ukafiira, muwauze a vetenale kuti aonenso magazi pa maikulosikopu. Koma ngakhale zitakhala nkhupakupa, trilostane aimebe, popeza galu wodwala amafuna cortisol wambiri kuti alimbane ndi matenda.

Panjira mufunditseni, mumupatse madzi ngati akutha kumwa yekha, ndipo mutenge paketi ya mankhwala onse amene amamwa. Amene ali pa mankhwala a mtima monga spironolactone, benazepril kapena enalapril, potassium wawo amakwera msanga akaphatikiza ndi trilostane. Kwa onse okhala kutali ndi chipatala, pemphani kwa adokotala anu mapiritsi ochepa a prednisolone oti muzisunga, ndi mlingo wake wolembedwa papepala, kuti mudzamupatse mutalankhula nawo pafoni. Mukapereka, mukanene pofika, kuti adziwe m'mene angawerengere zotsatira.

Akadzachira, mankhwala sayambiranso mpaka ludzu ndi njala ya Cushing zitabwerera ndiponso magazi ataonetsa kuti ma adrenal adzuka. Amayambira pa mlingo wotsika.

Kuno a vetenale samubaya galu wanga jakisoni wa ACTH. Amangotenga magazi kamodzi m'mawa asanamwe kapisozi. Mchemwali wanga kumudzi akuti kwawo amabaya. Olondola ndani? — Mayi wa ku Leeds

Onse awiri. Kuyeza kwa ACTH kunabwerekedwa ku mankhwala akale a mitotane, ndipo pa trilostane manambala ake sagwirizana nthawi zonse ndi m'mene galu alili kunyumba. Mu 2016 akatswiri a ku University of Glasgow, motsogozedwa ndi Ian Ramsey, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti cortisol wa m'magazi otengedwa kapisozi wotsatira atangotsala pang'ono kumwedwa amagwirizana bwinoko ndi zimene eni agalu amaona. Njirayi inafala ku Britain ndi ku Ulaya, makamaka chifukwa Synacthen ankasowa ndiponso ndi wodula. Malire amene anaikidwa ndi 40 mpaka 138 nmol/L. Mumapita ndi galu pa ola limene amamwera mankhwala, kapisozi ali m'thumba, atenge magazi, kenako adye n'kumwa.

Njirayi ili ndi malire ake awiri. Ndi ya galu amene ali bwino basi. Wodwala, wofooka kapena wokana kudya amafunika ACTH ndi michere. Chachiwiri, mantha amakweza cortisol. Galu wonjenjemera m'galimoto, wouwa anzake pamzere, amene amafuna anthu atatu kuti amugwire, nambala yake imakwera mwabodza, ndipo kuwonjezera mlingo potsatira nambala imeneyo ndi kumuika pangozi. Nambala ikatuluka pansi pa 40 galu ali bwino, amabwereza kapena kuchita ACTH, kapena kutsitsa mlingo.

Kwa mchemwali wanu, pali njira yochepetsera mtengo imene a vetenale ake angaiganizire. Kabotolo ka Synacthen kamakhala ndi mamaikulogalamu 250 mu mililita imodzi, pomwe galu wa makilogalamu 12 amangofuna 60. Otsalawo akhoza kugawidwa m'masirinji apulasitiki n'kuumitsidwa mufiriji pa madigiri 20 pansi pa ziro mpaka miyezi 6. Botolo lagalasi ayi, chifukwa ACTH amamatirira pagalasi. Koma akasungunuka saumitsidwanso, ndiye kumene magetsi amazimazima pafunika firiji yodalirika, apo ayi jakisoni wofooka adzaonetsa cortisol wotsika mwabodza. Synacthen Depot ndi mtundu wina wobaya mumnofu, ndipo nthawi yake yotengera magazi si yofanana. Magazi otumiza kutali azunguzidwe kaye pamakina, atengeko madzi ake apamwamba, ndipo ayende ozizira.

Kuyeza cortisol mumkodzo ndi kuyeza kwina kobaya dexamethasone kotenga maola 8 n'kothandiza pofufuza matenda poyamba, koma sikothandiza polondoloza trilostane. Musatayirepo ndalama.

Manambala akuti ali bwino, 95 nmol/L, masana galu ali phee, koma usiku akundidzutsa katatu ndipo m'mawa mbale ya madzi ili gwa. — Mayi wa ku Zomba

Mayi, nambala ya 95 ikukuuzani za 11 koloko m'mawa, siikunena za 2 koloko usiku. Mwa agalu ena mphamvu ya kapisozi imatha dzuwa likamalowa. Yankho si kukweza mlingo wa m'mawa, chifukwa masana cortisol ali kale pamalo ake ndipo angatsike mopyola. Yankho ndi kugawa: wa 30 mg kamodzi akhale 15 m'mawa ndi 15 madzulo, kapena 20 ndi 10 malinga ndi makapisozi, motalikirana maola 12, ulendo uliwonse ndi chakudya. Adokotala ena amawonjezerako pang'ono pogawapo. Pakatha masiku 10 mpaka 14 muyezetsenso.

Musanagawe, mkodzo uyezedwe. Agalu a Cushing amadwaladwala matenda a chikhodzodzo mwakachetechete, chifukwa cortisol amabisa ululu ndi kutupa, ndipo mkodzo wawo wosungunuka suonetsa bwino tizilombo pa maikulosikopu. Pamafunika kuti a ku labu aumeretse. Aonenso shuga. Galu amene ali ndi Cushing pamodzi ndi shuga timamuyambitsa kawiri patsiku kuchokera pachiyambi, ndipo cortisol akamatsika insulini amayamba kugwira mwamphamvu, moti mlingo wa insulini umene unali woyenera mwezi watha ukhoza kumugwetsa. Kudzandira, kunjenjemera kapena kukomoka mwa galu wotere, pakani uchi kapena madzi a shuga pankhama n'kuthamangira kuchipatala.

Mukaiwala kapisozi, musapereke awiri nthawi imodzi. Akasanza atangomwa, musabwereze. Dikirani muone ngati adye chakudya chotsatira.

Miyezi iwiri yatha, ludzu latha, koma ubweya sunamere, khungu likufunduka, ALP akadali wokwera, ndipo wayamba kutsimphina ndi kudzikanda. Mankhwalawa ndi abodza? — Wowerenga wa ku Tete

Akugwira ntchito. Ludzu ndi njala zimasintha m'masabata oyambirira, mphamvu zimatsatira, koma khungu ndi ubweya zimatenga miyezi 3 mpaka 6, ndipo nthawi zambiri ubweya wakale umayamba wathothoka wonse watsopano usanamere. ALP, enzyme ya chiwindi, amatsikako koma mwa agalu ambiri safika pamalo pake, ndipo sitisintha mlingo chifukwa cha iye. Kutsimphina ndi kuyabwa kunalipo kale: cortisol wochuluka uja anali ngati mankhwala a nyamakazi ndi a ziwengo amene thupi limadzipatsa lokha. Watsika, zobisika zaonekera. Zimenezi zichizidwe pazokha, koma osati ndi prednisolone wogula pa famase. Pa ulendo wa miyezi itatu pemphaninso kuti amuyeze BP ndi mapuloteni a mumkodzo, chifukwa ziwirizi sizitsika nthawi zonse ngakhale cortisol atagwidwa.

Makapisozi a 60 mg ndi otsikirako mtengo pa miligalamu. Ndingamatsegule n'kugawa ufawo pawiri? — Bambo wa ku Harare

Ayi. Ufa wogawa ndi maso sufanana, lero 20 mawa 40, ndipo kuyeza magazi konse kumakhala kopanda tanthauzo. Komanso trilostane amasokoneza mahomoni a mimba: mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi asakhudze makapisoziwa, ndipo aliyense asambe m'manja akapereka. Vetoryl alipo wa 5, 10, 20, 30, 60 ndi 120 mg, ngakhale si dziko lililonse limene lili ndi yonse, ndipo kuphatikiza awiri kumakwanitsa mlingo uliwonse. Za trilostane wosakaniza m'mafamase, kafukufuku wa ku America wa mu 2012 anapeza kuti makapisozi ena anali ndi mankhwala osafika theka la zolembedwa, ena opitirira ndi theka. Mukasintha kogula, muyezetse ngati mwasintha mlingo. Galu woyembekezera, wa impso zofooka kapena wa matenda a chiwindi chenicheni sapatsidwa mankhwalawa.

Kuno tapeza Lysodren yekha. Kalondolondo wake ndi yemweyo? — Bambo wa ku Chipata

Ndi wosiyana kwambiri, Bambo. Lysodren ndi mitotane, wachibale wa DDT, mankhwala ophera tizilombo, ndipo satsekereza chabe koma amawononga mbali ya adrenal imene imapanga cortisol. Amayamba ndi masiku okhutitsa thupi, 25 mg pa kilogalamu kawiri patsiku, kawirikawiri masiku 5 mpaka 10, ndipo amene amadziwa tsiku loimira ndi mwini galu. Mpatseni chakudya kaye, inu muime pomwepo, piritsi lili m'manja ovala magolovesi. Galu amene dzulo ankameza nsima osatafuna, lero wadya theka, wadzutsa mutu, wayang'ana kugeti, kenako wabwerera kumbale mwaulesi: piritsi limenelo libwerere m'botolo. N'chimodzimodzi madzi akatsika kufika pa mamililita 60 pa kilogalamu, akasanza kapena akatsegula m'mimba. Mitotane amapitiriza kugwira masiku awiri atasiyidwa, choncho kuyeza kwa ACTH kumachitika pakatha maola 36 mpaka 48, ndipo ngakhale zizindikirozi zisanaoneke galu ayezedwe pofika tsiku la 8 kapena 10. Cholinga ndi cortisol wa pakati pa 30 ndi 140 nmol/L pambuyo pa jakisoni. Zikatheka, mlingo umatsika kufika pa 50 mg pa kilogalamu pa sabata yonse, wogawidwa kawiri kapena katatu, ndipo kuyeza kumabwera pakatha mwezi, miyezi itatu, kenako miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse. Apa ola loyezera silivuta ngati pa trilostane. Mukadzapeza Vetoryl musadumphire tsiku lomwelo. Padutse mwezi umodzi mitotane atasiyidwa ndipo magazi aonetse kaye kuti ma adrenal adzukanso.

Galu wanga wamwa mankhwala zaka ziwiri. Tsopano sakufuna kudya, amaima n'kutsamiritsa mutu kukhoma, nthawi zina amazungulira pamalo amodzi. Cortisol ndi michere akuti zili bwino. — Mayi wa ku Cape Town

Mayi, adokotala anu ayamba ndi zoyenera, kuchotsa kaye nkhawa ya mlingo wopyola. Magazi akakhala bwino chonchi, maganizo amapita ku pituitary. Trilostane ndi mitotane amagwira ma adrenal okha, chotupa cha kunsi kwa ubongo sachikhudza, ndipo mwa agalu ena chimakula mpaka kupanikiza ubongo. Zimayamba ndi kusowa chidwi ndi kusafuna chakudya, zimene ambiri amaziyesa ukalamba, kenako kuyendayenda kopanda cholinga, kuzungulira ndi kusazindikira pakhomo. Chimaoneka pa sikani ya CT kapena MRI basi, ndipo ku South Africa makina amenewa alipo m'zipatala zikuluzikulu za ziweto. Chithandizo chake ndi radiotherapy, kuwotcha chotupa ndi cheza cha makina, imene imachepetsa chotupacho ndipo imagwira bwino zizindikiro zikadali zochepa. Pamene mukudikira sikani, musamumwetse trilostane tsiku limene sanadye, ndipo mufunse adokotala anu ngati n'koyenera kutsitsa mlingo, popeza cortisol wokwererako amachepetsa kutupa kozungulira chotupacho ndipo amabwezeretsako chilakolako cha chakudya.